Kujambula gitala m'nyumba ya malata, ndi chala chimene chinkathawa

Gitala ndinayamba kuimba ndili fomu 2, koma kudzimva ndekha ndinadzimva ndili ndi zaka 31. Sindikunena kumva kuja umamva gitala lili pamwendo, zala zikuyenda, mtima uli myaa. Ndikunena kukhala pansi manja ali chete, n'kumvetsera zimene foni yajambula ngati kuti woimbayo ndi munthu wina amene sukumudziwa. Tsiku limenelo ndinabweza gitala m'chikwama chake, ndipo linakhala kuseri kwa chitseko milungu iwiri osalikhudza. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti alipo anzanga ena amene analibweza m'chikwama ngati ine, koma sanalitulutsenso.

Kaimbidwe kanga ndi kaja ambiri amakatchula kuti fingerstyle, kopanda kapulasitiki kokhwatchira nsambo. Chala chachikulu chimagwira besi pa nsambo zitatu zonenepa, zala zinazo zimatola nyimbo pa nsambo zowonda, ndipo zikayenda bwino womvera amayesa kuti pali anthu awiri. Anyamata ambiri amakaonera pa YouTube kwa Tommy Emmanuel wa ku Australia n'kumaganiza kuti ndi kachilendo. Si kachilendo ayi. Mu 1952 Hugh Tracey, katswiri wojambula nyimbo za mu Africa, anajambula woimba gitala Jean Bosco Mwenda ku Katanga, m'dziko la Congo, akuimba ndi zala, ndipo kaimbidwe kameneko kanafala mpaka ku Kenya ndi maiko ena a kuno. Ku Chileka kunali Daniel Kachamba, yemwe anamwalira mu 1987. Iye ndi mng'ono wake Donald anayamba kujambulidwa ndi Gerhard Kubik wa ku Austria mu 1967. Anthu amenewa tikuwamvabe lero chifukwa wina anaika maikolofoni patsogolo pawo. Ife maikolofoniyo timayenda nayo m'thumba tsiku ndi tsiku, koma poiika sitipadziwa.

Ine ndinayamba molakwitsa chilichonse. Ndimakhala ku Chilomoni, nyumba ya lendi, pansi pa simenti, denga la malata lopanda siling'i. Ndinakhala pabalaza, foni ndinaigoneka patebulo moyang'anizana ndi bowo la gitala, n'kudina kamaikolofoni kaja timatumizira mauthenga a mawu pa WhatsApp. Zimene zinatuluka zinali zomvetsa chisoni. Besi imangoti buu buu ngati mwana akumenya mgolo wopanda madzi, nsambo zowonda zimamveka ngati zikulira pansi pa chitsime, ndipo liwu lililonse limene ndinkafuna kuti litalike linkangodukira panjira. Ndinati vuto ndi gitala, poti ndinaligula lakale kwa munthu, ndipo ndinayamba kufunsa mitengo ya lina ndalama ndilibe.

Amene anandipulumutsa ku ngongole ndi mnyamata wina amene amayendetsa zokuzira mawu kutchalitchi kwathu. Anamvetsera kamodzi kokha n'kunena kuti, "Achimwene, gitala lanu lilibe mlandu. Mwalijambula ngati mukulankhula ndi munthu." Anandifotokozera kuti uthenga wa mawu anaupangira kulankhula. Umafinya mawu kuti fayilo ikhale yaing'ono isadye bandulo, ndipo mafoni ambiri ali ndi nzeru yochotsa phokoso komanso yokweza ndi kutsitsa mawu payokha. Kwa munthu wolankhula mumsika zimenezi n'zabwino. Koma nsambo ikamalira motalika n'kumazilala pang'onopang'ono, foniyo imaiyesa phokoso n'kuidula, ndipo ukaimba motsitsa imakweza zonse pamodzi ndi mpweya wa m'chipinda. Anandiikira pulogalamu yojambulira mawu imene imalola kusankha WAV, mtundu wa fayilo wosafinya mawu, ndi kuzimitsa zochotsa phokosozo, ndipo anati ndikamatumiza ndizitumiza ngati Document, chifukwa ikapita motero imafika mmene ilili. Fayilo ya WAV ya mphindi imodzi, yojambulidwa pa 44.1 kHz ndi maikolofoni imodzi, imakhala pafupifupi 5 MB. Ukaisandutsa MP3 ya 192 kbps imatsika kufika pafupifupi 1.5 MB ndipo kwa womvetsera pa mahedifoni wamba imamvekabe bwino. Pa nkhani ya bandulo, kusiyana kumeneku kumathandiza inu ndi amene mukumutumizira.

Chachiwiri chinali poika foni. Bowo la gitala ndi pamene mphepo yonse ya m'mimba mwa gitala imatulukira, ndipo mawu ake ndi onenepa, cha m'ma 100 Hz. Kuloza maikolofoni pamenepo kuli ngati kuika khutu pakamwa pa ng'oma. Malo amene anandithandiza ndi pa fret ya nambala 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pakhosi la gitala), pafupi ndi pamene khosi la gitala limakumana ndi thupi lake, foni itatalikira masentimita 25 kapena 30, kapena kuti kutalika kwa rula ya kusukulu. Dziwani kaye pamene maikolofoni ya foni yanu ili. Mafoni ambiri ili kumunsi, pafupi ndi polowetsa tchaja, ndiye mbali imeneyo ndi imene iyang'ane gitala. Ine ndimaunjika mabuku pampando mpaka afanane ndi khosi la gitala, pamwamba pake n'kupinda chitenje kanayi, kenako foni. Chitenjecho chili ndi ntchito. Popanda icho, phazi likamagunda pansi kugundako kumakwera ndi miyendo ya mpando n'kulowa mu nyimbo. Foni ndimaiika pa flight mode, chifukwa tsiku lina kujambula kumene ndinakukonda kunadulidwa ndi kuitana kwa munthu wolakwitsa nambala. Pambuyo pake nditagula kamaikolofoni kapawaya ndinazindikiranso kuti foni ikakhala pa tchaja pamamveka kung'ung'udza kosalekeza, ndiye ndimatchajiratu n'kuzula.

Chipinda ndi chimene chinanditengera nthawi. Imani pakati pa balaza lanu muombe m'manja kamodzi mwamphamvu. Mukamva mawu akugunda khoma n'kubwerera ndi kaphokoso ka ngati chitsulo, dziwani kuti maikolofoni idzamva kwambiri kuposa mmene mwamvera inu. Simenti, makoma opanda kanthu ndi malata sizimeza mawu. Ndinasamukira kuchipinda chogona. Matiresi ndimaimika kukhoma kumbuyo kwanga, bulangete limodzi ndimaliyala pansi pamwamba pa mkeka, lina ndimalikoleka pachitseko, ndipo kabati ya zovala ndimaisiya yotsegula. Sindinagule kalikonse. Mayi a kunyumba poyamba ankadabwa kuona chipinda chili mbwee ngati tikusamuka, koma pano ndi iwo amene amandikumbutsa kuti bulangete lapachitseko ndaiwala.

Nthawi yojambulira nayo muyenera kuiphunzira m'dera lanu. Malata amathetheka dzuwa likayamba kuwomba m'mawa, amathethekanso likamalowa. M'nyengo ya dzinja kamvula kakang'ono kokha kamatseka zonse, kakasiya achule amayamba. Mu Okutobala kuli nyenje. Tambala, agalu, wailesi ya aneba, ana akusewera fulaye pabwalo, zonsezi makutu athu anazizolowera ndipo sitizimvanso, koma foni siizolowera kanthu. Nthawi yabwino imene ndinapeza ndi pamene magetsi azima usiku. Firiji imakhala chete, masipika a m'dera lonse amakhala chete, ndipo umamva mpaka chala chikuchoka pa nsambo. Ena amadandaula ndi mdimawo, inenso ndimadandaula pa zina, koma nyimbo zanga zomveka bwino zonse ndinazijambula pa kandulo.

Pa mlingo wa mawu pali lamulo limodzi losavuta. Musanayambe, imbani mbali imene mumamenya mwamphamvu kwambiri mukuyang'ana kamzere kosonyeza mphamvu ya mawu. Kazifika pakati pa -12 ndi -6 dB. Kakagunda 0, mawu amang'ambika ndipo n'kovuta kuwasoka kuti abwerere mwakale. Kujambula kotsika mukhoza kukukweza pambuyo pake pa Audacity, imene ndi yaulere pa kompyuta. Nsambo zikhale zoyera. Chinyezi cha dzinja ndi thukuta zimazichititsa dzimbiri msanga, ndiye muzizipukuta mukamaliza. Ngati mukuika zatsopano, ikani masiku awiri kapena atatu musanajambule, chifukwa zatsopano zimanyololoka ndipo gitala limatsika pakati pa nyimbo.

Nditakonza zonsezi, mawu anayera. Ndinadula koyamba ndi kothera, ndinathira reverb yambiri kuti zimveke ngati ndili m'holo, n'kutumiza pa gulu lathu la oimba ndi funso loti, "Mwaiona bwanji?" Mayankho anabwera msanga. Zithunzi za moto, manja oomba, "zili bho", "luso lilipo achimwene", "tikufuna album". Ndinasangalala usiku wonse, ndipo sindikunyoza anzangawo, chifukwa kulimbikitsana n'kofunika. Koma m'mawa mwake nditatenga gitala ndinapeza kuti ndilibe chilichonse choti ndikonze. Anthu 20 anayankha, ine ndinali pomwe ndinali dzulo.

Loweruka lina ndinapita ku Chileka kukaona amalume anga, achimwene awo a mayi. Paunyamata wawo ankaimba gitala m'maukwati ndi m'malo azisangalalo, pano zala zinauma ndipo gitala lawo limakhala pamwamba pa kabati. Titadya nsima tinakhala pakhonde, ndipo ndinawaveka mahedifoni. Anatsinzina. Anatenga bokosi la machesi m'thumba la malaya n'kuyamba kuligogoda pa bondo motsatira nyimbo, pang'onopang'ono, osaphonya. Ndinkayang'ana bokosilo. Patapita kanthawi dzanja lawo linaima m'malere, nkhope n'kukwinyika pang'ono.

"Tabweza, mphwanga."

Ndinabweza. Anagogodanso, ndipo anaima pamalo omwe aja. Kachitatu chimodzimodzi. Kenako anavula mahedifoni n'kundibwezera.

"Choyamba, chotsa chiphokoso cha m'phanga wathirachi. Ndikufuna kumva iweyo. Chachiwiri, chala chako chachikulu chikuthawa. Nyimbo ikangokwera, icho chikunyamuka nayo."

Ndinayesa kuwafotokozera kuti pamenepo m'pamene nyimbo imatentha, ndiye mwina n'chifukwa chake. Anapukusa mutu. Anandifunsa ngati ndinaonapo amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Munsi wina ukamatsika wina ukukwera, ndipo angaimbe nyimbo yotani, angaseke bwanji, minsiyo sisintha mayendedwe, chifukwa wina akafulumira minsi igundana ndipo chimanga chitayika. "Chala chachikulu ndi amayi awiriwo," anatero. "Zala zinazi ziimbe, zilire, zichite zimene zikufuna. Koma mtondo usamve."

Nditafika kunyumba ndinafuna kutsimikiza. Ndinatsegula metronome ya pa foni, ija umagogoda ndi chala n'kukuuza liwiro. Koyambirira kwa nyimbo inati 92. Kothera inati 104. Zaka zoposa 15 ndikuimba, palibe anandiuzapo, ndipo ine sindikanatha kudzimva, chifukwa mtima ukamathamanga pamodzi ndi chala zonse zimaoneka ngati zili m'malo. Apa m'pamene ndinamvetsa ntchito yeniyeni ya kujambula. Foni ija siidziwa zimene umafuna kuimba. Imasunga zimene waimba.

Milungu iwiri yotsatira ndinaimba ndi chala chachikulu chokha. Metronome pa 60, chikhatho chitagona pang'ono pa nsambo zonenepa pafupi ndi pamene zimamangidwa kuti besi izimveka mwachidule, chala chikusinthana nsambo ziwiri: iyi, iyo, iyi, iyo. N'zotopetsa, ndipo masiku oyamba ndinkafuna kusiya pakatha mphindi zisanu. Kenako ndinayamba kumucheza mwana wanga wamkazi chala chikuyenda, kumufunsa za kusukulu, kuti ndione ngati chingayende chokha maganizo ali kwina. Poyamba ndikangotsegula pakamwa chimaima. Chitazolowera, ndinayamba kuonjezera nyimbo, liwu limodzi pa nthawi, loyamba logwera pamodzi ndi besi, kenako logwera pakati. Masiku atatu alionse ndinkajambula n'kulemba deti pa dzina la fayilo. Musamafufute zakale. Tsiku limene mwagwa ulesi, kumvetsera ya mwezi wathawo ndi kumene kumakudzutsani.

Ndinasinthanso kapemphedwe ka ndemanga, ndipo apa m'pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri. Funso loti "mwaiona bwanji" limapempha ulemu, ndipo Amalawi ulemu tili nawo wambiri. Munthu sangakuuze pagulu kuti walakwitsa iwe usanamutsegulire khomo. Pano ndimatumiza kachidutswa ka mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka, kojambula kamodzi osalumikiza, kopanda reverb, ndipo ndimafunsa chinthu chimodzi chodziwika: "Pa 0:40 nyimbo ikukwera. Kodi besi ikukhala m'malo kapena ikufulumira?" Kapena: "Kodi nyimbo ikumveka pamwamba pa besi, kapena ikumira?" Ndimanenanso kuti ndajambula pa foni, kuti asataye nthawi kundiuza za studio, ndipo ndimawapempha kuti amvetsere pa mahedifoni. Nsambo yonenepa kwambiri ya gitala imalira pa 82 Hz, ndipo kasipika ka foni sikatha kutulutsa bwino mawu otsika chotero. Amene wamvetsera pa kasipikako besi yanu sanaimve, ndiye sangaiweruze.

Mayankho anachepa, kuchoka pa 20 kufika pa atatu kapena anayi, koma aliyense anali ndi nyama. Mlongo wina amene amaphunzitsa kwaya anandiuza kuti nsambo ya B ikumveka yokwera pang'ono. Anali kunena zoona: ndinkachuna gitala kenako n'kuika capo, kachipangizo kopanira nsambo zonse pakhosi la gitala, osadziwa kuti capo ikafinya imakoka nsambo, ndiye uyenera kuchunanso itakhala kale. Wina anamva kulira kwa zala zakumanzere zikamakwekwereza pa nsambo zonenepa posintha malo, ndipo anandilangiza kuti ndizinyamula zala pang'ono m'malo mozikoka. Wina anamva chikhadabo cha chala chapakati chikukodwa, ndipo nditayang'ana ndinapeza kuti chinali ndi kakona kakuthwa kamene ndinakasalaza ndi kafayilo ka zikhadabo. Wina anandiuza kuti ndimagwira mpweya pamalo ovuta kenako n'kuutulutsa mwamphamvu, ndipo maikolofoni imamva. Zinthu zing'onozing'ono zonsezi, koma zitachoka nyimbo inakhala ina.

Si ndemanga zonse zimene muyenera kusenza. Munthu wina analemba kuti ndi gitala lotchipa chotere ndisamavutike, ndigule kaye lenileni. Zinandipweteka, ndipo ndinakhala masiku angapo osatumiza kanthu. Koma nditaganiza ndinaona kuti sananene chilichonse chokhudza zala zanga, ndipo chimene sindingachisinthe mwezi uno si chimene ndinafunsa. Malangizo ena amatsutsana okhaokha. Uyu akuti sunga zikhadabo zitalike, uyo akuti wenga uziimba ndi mnofu. Onse awiri ali ndi oimba abwino kumbali yawo. Njira imene ndimatsata ndi iyi: anthu awiri kapena atatu osadziwana akaloza malo amodzi mu nyimbo, pamenepo pali vuto ndithu, ngakhale mankhwala amene akupereka asiyane. Malowo ndimawakhulupirira, mankhwalawo ndimayesa ndekha. Ndipo nanunso muzimvetsera za anzanu mofatsa n'kuwayankha ndi nthawi yake yeniyeni, "pa 1:10 mwachita bwino mwakuti, pa 1:25 chakuti chikusowa." Kupatsa n'kuika. Amene ndinawayankha mosamala ndi omwe amandiyankha mosamala lero.

Pali vuto lina limene pafupifupi aliyense amakumana nalo. Nyimbo umaiimba bwinobwino tsiku lonse, koma ukangodina kuti foni iyambe kujambula, manja amachita thukuta ndipo zala zimaiwala njira. Ine zinkandichitikira mpaka kubwereza maulendo 30 usiku umodzi, ndipo ulendo uliwonse umaipa kuposa wapitawo. Chimene chinandithandiza ndi kuisiya foni ikujambula kwa mphindi 20 osaiyang'ana, ndikuchuna, ndikuyeserera, ndikuimba zina, mpaka kuiwala kuti ilipo. Nyimbo yeniyeniyo ndimaiimba katatu basi, ndipo ndikalakwitsa sindiima. Sindimvetsera usiku womwewo. Makutu otopa amangomva zolakwa, pamene mawa lake umamva nyimbo. Mukafuna thandizo pa kagwiridwe, jambulani kanema woonetsa manja onse awiri m'malo mwa nkhope, chifukwa pali zolakwa zimene munthu amaziona msanga kuposa kuzimva. Ndipo ngati nyimboyo mwapeka nokha, sungani fayilo yoyambirira ndi deti lake, muitumize kwa anthu ochepa owadalira, ndipo ikapsa mukailembetse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso, musanaimwaze paliponse.

Patatha miyezi itatu ndinabwerera ku Chileka ndi nyimbo yomwe ija, yopanda chokometsera chilichonse. Amalume anatulutsanso bokosi la machesi. Ndinaliyang'ana kuyambira poyamba, mtima uli m'mwamba, makamaka pamene nyimbo imakwera. Linagogoda n'kudutsa, mpaka kumapeto. Anavula mahedifoni n'kukhala chete kanthawi.

"Mtondo wakhazikika," anatero. "Koma tsopano ukuuopa kwambiri. Nyimbo yabisala kuseri kwa besi. Ipatse mawu."

Ndinalemba zimenezo pa foni kuti ndisaiwale. Kenako anaitana mdzukulu wawo kuti awatsitsire gitala pamwamba pa kabati. Linali ndi fumbi ndipo nsambo imodzi inalibe. Anamanga pensulo ndi mphira pakhosi pake m'malo mwa capo, monga ankachitira kale, n'kulichuna ndi khutu kwa nthawi yaitali.

"Kamakina kakoko kangandigwire inenso?"

Ndinakoka mpando, ndinaikapo ndowa yovundikira kuti foni ikwere, ndinapempha chitenje kwa azakhali n'kuchipinda kanayi. Ndinayeza ndi dzanja kuchokera pa fret ya 12. Anaimba ndi zala ziwiri zokha, chachikulu ndi chamkombaphala, mphindi zinayi ndi masekondi angapo. Zala zakumanzere zinaphonya kangapo, nkhuku ikumveka kumbuyo, ndipo chapakati azakhali akuitana mwana. Nditafika kunyumba ndinaika metronome pa fayiloyo, koyambirira ndi kothera. Manambala anali amodzi. Ndinaisunga pa foni, pa kompyuta ndi pa memory card, ndipo ndinatumizira ana awo onse ngati Document.